Mafunso Anu: Kujambula Kanema wa Nyimbo ndi Kukonza Chikuto cha Chimbale Kusukulu

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera kwa ophunzira za utolankhani ndi zofalitsa nkhani, amene aphunzitsi awo awapatsa ntchito yojambula kanema wa nyimbo ndi kukonza chikuto cha chimbale. Tasankhapo anayi.

Funso: Akonzi, ndine wophunzira wa chaka chachiwiri pa sukulu ina mu mzinda wa Blantyre. Tapatsidwa ntchito yoti pagulu la anthu anayi tijambule kanema wa nyimbo wa mphindi zitatu, tikonze chikuto cha chimbale chake, ndipo aliyense alembe lipoti. Anzanga akufuna tisonkhe ndalama zochitira hayala galimoto yapamwamba ndi drone (kandege kojambulira kopanda woyendetsa mkati) kuti kanema wathu afanane ndi amene timaonera pa wailesi yakanema. Ine ndalama ndilibe, ndipo chimene tili nacho ndi mafoni awiri basi. Kodi tingakhoze popanda zimenezi? *Wophunzira, Blantyre*

Yankho: Mungakhoze ndithu, ndipo mwina mungapose magulu amene asonkha ndalama zambiri. Aphunzitsi akamachonga ntchito yotereyi amafuna kuona ngati chilichonse chimene mwaika pamaso pa woonera chili ndi chifukwa chimene mungathe kuchilongosola, ndipo n'chifukwa chake akukupemphaninso lipoti. Galimoto ikalowa mu kanema chifukwa chongoti ena amaikamo galimoto, pofika pa lipoti mudzasowa cholemba, pomwe chithunzi cha mayi akupeta chimanga pakhonde, ngati chikuchokera mu nyimboyo, chingakupatseni ndime yathunthu yofotokoza.

Yambani ndi nyimbo, kamera ibwere pambuyo. Lembani mawu ake onse papepala, kenako muimvetsere mobwerezabwereza muli ndi wotchi, kuti mulembe sekondi imene ndime iliyonse ikuyambira, pamene kolasi ikulowa, pamene zing'wenyeng'wenye zikulira zokha ndi pamene ng'oma zikuleka. Mukatero, khalani pansi nonse anayi mpaka mutagwirizana chiganizo chimodzi chonena zimene kanemayo akufuna kuonetsa. Ngati chiganizocho chikukana kutuluka, musapite kukajambula, chifukwa mukabwerako ndi zithunzi zokongola zimene palibe angathe kuzilumikiza kuti zikhale chinthu chimodzi.

Katswiri wa ku Britain, Andrew Goodwin, amene mu 1992 analemba za makanema a nyimbo ndipo maganizo ake amaphunzitsidwa m'makalasi ambiri a maphunziro anuwa, anaona kuti zithunzi zimayenda ndi mawu a nyimbo m'njira zitatu. Zikhoza kuonetsa ndendende zimene mawu akunena, zikhoza kuwonjezera tanthauzo limene mawuwo sanalitchule, kapena zikhoza kutsutsana nawo mwadala. Tiyerekeze kuti nyimbo yanu ikunena za mnyamata amene wachoka kumudzi kukafuna ntchito m'tauni. Mukamuonetsa akutsika basi pa Wenela atanyamula chikwama, mwangobwereza zimene khutu lamva kale. Mukaonetsa amayi ake kumudzi akupakula nsima n'kuika mbale yake pamphasa ngati kuti mwanayo akadalipo, mwapatsa woonera chinthu chimene nyimbo payokha sikanamupatsa. Ndipo ngati kolasi ikunena kuti m'tauni zonse zikuyenda bwino, inu n'kumuonetsa akugona pakhonde la sitolo ku Limbe, mwatsutsa mawu, ndipo woonera adzamva nyimboyo mwa njira ina. Ophunzira ambiri amathera pa njira yoyamba chifukwa ndi yosavuta, koma kanema wotero amatopetsa mphindi yoyamba isanathe. Ine ndikulangizani kuti mutsamire kwambiri pa yachiwiri, ndipo yachitatu muigwiritse ntchito pamalo amodzi pamene ingagwire mtima kwambiri. Onani kuti pa zitsanzo zonsezi palibe chofuna galimoto ya hayala.

Onerani makanema angapo a mtundu wa nyimbo yanu mutazimitsa mawu, muzilemba zimene zikubwerezedwa. Makanema a nyimbo zauzimu kuno kwathu kawirikawiri amaonetsa kwaya itavala yunifolomu, itandanda pakapinga kapena m'mbali mwa nyanja, ikuvina mofanana, pomwe a achinyamata a m'tauni amakonda woimba ali pafupi ndi kamera, anzake atamuzungulira, zithunzi zikusintha msangamsanga. Mukadziwa zizolowezi zimenezi mudzatha kusankha zoti mutsate ndi zoti muphwanye, ndipo zonse ziwiri zimabweretsa malikisi ngati mwafotokoza chifukwa chake. Kuchokera apo jambulani ndondomeko ya zithunzi papepala, imene m'kalasi mumaitcha storyboard. Luso la kujambula ndi pensulo silikufunika. Chofunika n'choti bokosi lililonse lionetse pamene pali munthu, kutalika kwa kamera, ndi mzere wa nyimbo umene ukugwa pamenepo.

Mafoni anu awiriwo ndi okwanira ngati muwasamala. Agwireni chopingasa, muwaike pa kukula kwa chithunzi kwa 1920 x 1080, ndipo onse awiri akhale ndi makonzedwe ofanana. Ngati foni ikulola, sankhani zithunzi 25 pa sekondi, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mukajambula pa 30 m'chipinda chounikidwa ndi mababu ena, kanema amaoneka ngati akuphethira. Pukutani galasi la kamera musanayambe, dinani pa sikirini pamene pali nkhope ya woimba kwa kanthawi kuti foni isamasinthe yokha kuwala, ndipo mukafuna kuyandikira yendani ndi miyendo m'malo mokoka chithunzi ndi zala, popeza kukokako kumaononga chithunzi. Ngati mulibe choimikira kamera, thumba la mchenga loikidwa pampando limagwira foni mosagwedera.

Pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi pa kuwala. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana dzuwa limakhala pamutu, limagwetsa mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo foni ikaona thambo lowala kumbuyo imachepetsa kuwala konse mpaka nkhope ya munthu wakhungu lakuda imangoti bii. Jambulani dzuwa litangotuluka, kapena kuyambira 4 koloko madzulo, koma mufike mutakonzeka kale chifukwa kuno dzuwa likayamba kupendeka silichedwa kulowa. Mmodzi wa inu agwire nsalu yoyera kapena katoni yomatidwa pepala lonyezimira, kuti azibwezera kuwala kunkhope ya woimba. Kumbukiraninso nyengo: m'mwezi wa Okutobala utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri, kotero ngati mukufuna phiri la Ndirande kapena la Soche lioneke bwino kumbuyo, pitani mukaone malowo pa ola lomwelo limene mudzajambule.

Za drone, dziwani kuti kuiulutsa kuli ndi malamulo ake a boma, makamaka pafupi ndi bwalo la ndege monga la Chileka, ndipo chithunzi cha m'mwamba mungachipeze pokwera pamalo okwera aliwonse. Mukafuna kujambula mumsika kapena pa depoti, pemphani kaye kwa oyang'anira malowo. Kumudzi yambani mwaonana ndi amfumu. Ndipo ngati mu kanema mukhala mwana, makolo ake avomere mwa kulemba.

Funso: Tinajambula kale, koma titaika pa kompyuta milomo ya woimba sikugwirizana ndi mawu. Kumayambiriro zimayenda bwino, koma pofika pakati mawu amatsogola milomo n'kumatsalira. Kodi tibwererenso kukajambula? *Wophunzira, Zomba*

Yankho: Musanabwerere, yesani kaye ichi. Mafoni ambiri sasunga chiwerengero chimodzi cha zithunzi pa sekondi; amachisintha pang'onopang'ono malinga ndi kuwala kapena kutentha kwa foni, ndipo mapulogalamu ena olumikizira kanema amasokonezeka nazo, kotero kusiyana kumene sikunkaoneka poyamba kumanka kukulirakulira. Pulogalamu yaulere ya HandBrake ikhoza kusintha mafayilo anu kuti akhale ndi chiwerengero chokhazikika, ndipo mukawabwezeretsa nthawi zambiri vutolo limatha. Likapanda kutha, ndiye kuti mwina woimbayo ankaimba za pamtima, kapena munkamuseweretsa nyimbo imene inadzasinthidwa pambuyo pake ku situdiyo. Apo dulani kanemayo m'zigawo zifupizifupi, mugwirizanitse chigawo chilichonse pachokha, ndipo pamene zikukaniratu muphimbepo ndi chithunzi china, monga manja a woimba gitala, mapazi a ovina, kapena gawo la nkhani yanu.

Ngati mubwererako, tengani nyimbo yomalizidwa, yomweyo imene idzamveke mu kanema, muiseweretse pa sipika mokweza kuti kamera iimve. Mawu olowa m'kamerawo simudzawagwiritsa ntchito, koma mafunde ake pa kompyuta ndiwo adzakuthandizeni kuika chithunzi pamalo ake enieni, ndipo kuwomba m'manja kamodzi pamaso pa kamera nyimbo isanayambe kumapereka chizindikiro chooneka bwino. Woimbayo aziimba ndi mawu ake enieni, asamangogwedeza milomo, chifukwa munthu akamaimbadi khosi, mapewa ndi mpweya wake zimaoneka, ndipo woonera amazindikira msanga zikasowa. Jambulani nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pamapeto katatu konse: kamera ili patali, ili chapakati, ndiponso ili pafupi ndi nkhope. Mukasanja zitatuzi pamwamba pa nyimbo, pa sekondi iliyonse mudzakhala ndi chosankha.

Polumikiza, tsatirani kugunda kwa ng'oma. Nyimbo yogunda ka 100 pa mphindi imakhala ndi zithunzi 15 pakati pa kugunda kulikonse ngati mwajambula pa 25, ndipo kuwerengera kotereku kumakuthandizani kudula pamalo oyenera. Komabe musadule pa kugunda kulikonse, chifukwa maso amatopa. Lolani zithunzi zikhalitse m'ndime, zifulumire mu kolasi. Mukafuna kuti woimba aoneke akuyenda mwapang'onopang'ono koma milomo ikugwirizanabe ndi mawu, jambulani pa zithunzi 50 pa sekondi nyimbo ikusewera pa liwiro lowirikiza kawiri, kenako mubweze liwiro la kanemayo pa theka. Pulogalamu yolumikizira kanema ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wabwino kwambiri ngakhale imafuna kompyuta yamphamvu, ndipo CapCut imagwira ntchito ngakhale pa foni. Mafayilo anu asungeni pamalo awiri osiyana tsiku lomwelo lojambula.

Funso: Chikuto chathu chinali chokongola pa kompyuta, koma titakasindikiza mitundu inazilala, nkhope ya woimba inaoneka yachimbuuzi, ndipo zilembo za m'mphepete zinadulidwa. Chithunzicho tinachitenga mu kanema wathu ndipo tinatumizirana pa WhatsApp. Talakwitsa pati? *Wophunzira, Mzuzu*

Yankho: Mavuto atatuwa ali ndi magwero osiyana. Kompyuta imapanga mitundu ndi kuwala, pogwiritsa ntchito njira ya RGB, pomwe makina osindikizira amaipanga ndi inki zinayi za CMYK, ndipo inki singathe kufika pa kuwala kwa mitundu ina, makamaka yabuluu ndi yobiriwira yowala kwambiri. Sinthani fayilo yokasindikiza kuti ikhale ya CMYK, kapena funsani osindikizawo mtundu wa fayilo umene makina awo amafuna, ndipo musindikize kope limodzi loyesera musanalipire makope onse.

Chimbuuzicho chachokera ku chithunzi chimene munasankha. Nkhope ya chikuto cha CD ndi mamilimita 120 mbali zonse, ndipo kuti isindikizike bwino pa 300 dpi (madontho 300 pa inchi iliyonse) pamafunika ma pixel, timadontho topanga chithunzi, oposa 1,400 mbali iliyonse. Chithunzi chodulidwa mu kanema wa 1920 x 1080 chili ndi ma pixel 1,080 okha choimirira, komanso chimakhala ndi kachimbuuzi ka kayendedwe ka munthu, kamene mu kanema sikaoneka koma papepala kamaonekeratu. Pamwamba pa izo, WhatsApp imachepetsa zithunzi pokhapokha mutazitumiza ngati dokumenti. Makampani amene amaika nyimbo pa Spotify ndi Apple Music kawirikawiri amapempha chikuto cha ma pixel 3000 x 3000, choncho ndi bwino kuyambira pa kukula kumeneko ndi chithunzi chojambulidwa pachokha. Zilembo zinadulidwa chifukwa mpeni wa osindikiza sugwa pamzere ndendende nthawi zonse. Chithunzi chipitirire mamilimita 3 kunja kwa mzere wodulira mbali zonse, ndipo zilembo zikhale mamilimita 3 kapena kuposerapo mkati mwake.

Izi ndi za makina, ndipo zimakonzeka tsiku limodzi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ophunzira ambiri amakumbukira chikuto usiku woti mawa apereke ntchito, pomwe aphunzitsi akufuna kuona ngati kanema ndi chikuto zikunena za woimba mmodzi. Munthu amene waonera kanema wanu ayenera kuzindikira chimbalecho akachiona pakati pa zina asanawerenge dzina. Kuti zitero, patulani nthawi pa tsiku lojambula kanema yoti mujambule zithunzi za chikuto, woimba atavala zomwezo, pamalo omwewo, kuwala kuli komweko, ndipo musiye mpata m'chithunzi pamene padzakhale dzina. Nkhope ya woimba si yokakamiza. Ngati mu kanema muli chinthu chimodzi chimene chanyamula nkhani yonse, monga chikwama, nyali kapena chitenje cha mtundu wina, chimenecho chikhoza kukhala chikuto champhamvu kuposa munthu woima atapinda manja. Sankhani mitundu iwiri kapena itatu yochokera mu kanemayo, ndipo zilembo zisapose masitayilo awiri. Mukamaliza, chepetsani chikutocho mpaka chifanane ndi mmene chimaonekera pa mndandanda wa nyimbo m'foni, chifukwa anthu ambiri adzachiona chili chotero. Dzina likapanda kuwerengeka pamenepo, likulitseni kapena muchotse zina zolipanikiza.

Musaiwale kumbuyo ndi msana wa chimbale. Kumbuyo kukhale mndandanda wa nyimbo, dzina la situdiyo ndi la wojambula mawu, chaka, malo a barcode, ndi zizindikiro za umwini, © cha zolembedwa ndi zithunzi ndi ℗ cha mawu ojambulidwa. Pamsana pakhale dzina la woimba ndi la chimbale. Mupatse munthu amene sali m'gulu lanu awerenge zonse, popeza maso amene azolowera ntchito saona chilembo chosowa. Ngati pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop mulibe, GIMP ndi Inkscape ndi zaulere.

Funso: Gulu lathu likufuna kugwiritsa ntchito nyimbo ya woimba wina wotchuka, ndipo kuti kanema aoneke wachikhalidwe tikufuna mnzathu avale chigoba ndi nsanza ngati Gule Wamkulu. Tikamaliza tidzamuika pa YouTube. Kodi pali vuto, poti ndi ntchito ya kusukulu chabe? *Wophunzira, Lilongwe*

Yankho: Vuto lilipo pa mbali zonse ziwiri. Nyimbo yojambulidwa imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri: wa amene anapeka mawu ndi maimbidwe, ndi wa amene analipira kapena kukonza kujambulidwa kwake ku situdiyo. Kuonetsa kanema wanu kwa aphunzitsi m'kalasi n'kosiyana ndi kumuika pa intaneti, kumene aliyense angamuone. Mukangomuika pa YouTube mwafalitsa ntchito ya mwini, ndipo njira ya Content ID ya kumeneko ikhoza kuzindikira nyimboyo, n'kutseka kanemayo kapena kupereka ndalama za malonda kwa mwini wake. M'dziko muno nkhani zimenezi zimayendera lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, likhoza kukuunikirani za amene muyenera kumupempha. Chilolezocho chikhale cholembedwa, chonena kuti mukuloledwa kuchita chiyani ndiponso kuonetsa kuti.

Njira imene ndikuona kuti ndi yabwino koposa ndi kufunafuna woimba amene akungoyamba kumene, kaya pasukulu panu, kutchalitchi kapena m'dera lanu, amene ali ndi nyimbo yojambulidwa bwino koma alibe kanema. Iyeyo adzakondwa kupeza kanema ndi chikuto, adzabwera yekha pamaso pa kamera, ndipo inu mudzakhala mukupanga maonekedwe a woimba kuchokera pachiyambi m'malo mopikisana ndi kanema amene anthu akumudziwa kale. Mugwirizane papepala kuti kanemayo adzaikidwa pa tsamba la ndani, ndi kuti mayina anu adzalembedwa pati.

Pa za Gule Wamkulu, chonde musamuveke mnzanuyo. Gule Wamkulu ndi mwambo wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, umene bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo kwa eni ake chilombo chotuluka m'bwalo chikuimira mizimu ya makolo. Munthu wosameta akavala chigoba kuti akongoletse kanema, amanyoza anthu amene mwambowo ndi wawo, ndipo akhoza kudziputira mlandu kwa mafumu. Komanso aphunzitsi adzakufunsani kuti guleyo akuchita chiyani mu nyimbo yanu, ndipo yankho loti mumafuna kanema aoneke wachikhalidwe silidzakwana.

Ngati nyimboyo ikukhudzadi gule, pitani kwa amfumu a mudzi umene uli ndi mzinda, kutanthauza ufulu wochititsa gule, mufotokoze cholinga chanu chonse kuphatikizapo zoti kanemayo adzaikidwa pa intaneti, ndipo iwo ndiwo adzakulumikizani ndi akuluakulu a dambwe. Adzakuuzani zimene mungajambule, poti muime, ndi chimene muyenera kupereka. Kudambwe musayandikireko, musajambule gule akukonzeka, ndipo akakuuzani kuti muzimitse kamera muzimitse nthawi yomweyo. Musanapite, mungapindule kukacheza ku Kungoni, pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza, kumene nyumba yosungira zachikhalidwe ya Chamare ili ndi zigoba zambirimbiri pamodzi ndi matanthauzo ake, kuti mudziwe kuti chilombo chilichonse chili ndi phunziro lake, ndipo si chilichonse chingagwirizane ndi nyimbo yanu. Akuluakuluwo akakana, sinthani ndondomeko yanu, mulembe mu lipoti kuti munapempha, munakanizidwa, ndipo munasintha motani. Makalata onse a chilolezo, a woimba, a amfumu, a eni malo ndi a makolo a ana, muwamatike kumapeto kwa lipotilo pamodzi ndi storyboard yanu.